Jekete la Lazaro Chanda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pamaliro, m'zaka zija makampani ankatsekedwa, bambo anga atachotsedwa ntchito. Tinkakhala ku komboni ya George, nyumba yonse ikudalira tomato amene mayi ankagulitsa pakhomo. Tsiku lina ndinawerenga mbiri ya malemu kumanda, poti mawu ndili nawo. Anthu akubalalika, bambo wina wa nsapato zonyezimira, Ba Tembo, anandikokera pambali n'kundiuza kuti ali ndi ntchito yofuna pakamwa pokha. Ndinawakayikira pomwepo, chifukwa munthu wabwino sasaka antchito pamaliro. Koma njala inali itatifika pakhosi, ndiye ndinavomera.

Ba Tembo ankatenga alendo akunja m'mahotela n'kubwera nawo kumanda akale kuti adzaone mbiri ya mzinda. Ine ndinkalawirira ndi khasu, chikwanje, ndowa ya laimu ndi burashi. Ndinkalambula kanjira, kupaka laimu miyala yozungulira manda amene iwo anasankha, kenaka n'kuvala jekete la khaki, kabudula ndi chipewa zogula pasalaula, pamsika wa zovala zakale. Ndinkabisala kuseri kwa mtengo wa bulugamu. Ba Tembo akaliza belu la njinga, ndinkatuluka pang'onopang'ono, kuima kumutu kwa manda n'kuyamba: "Ine ndine Lazaro Chanda."

Dzinalo linali lenileni, lolembedwa pakachitsulo ka pamandapo. Zina zonse zinachokera m'mutu mwa Ba Tembo: zoti Lazaro anali mesenjala wa atsamunda, ankapereka anzake kwa apolisi, mapeto ake mowa unamupha. Nditawafunsa kumene anazimva, anandiyankha mwachidule: "Iwe, bakufa sibakamba. Bazungu bafuna nkhani yamene ibaba mtima."

Kunyumba ndinanama kuti ndikugwira kuhotela. M'komboni, munthu wopita kumanda popanda maliro ndi mfiti, kapena mbala ya zitsulo zokhomera mbaula. Mayi ankayang'anitsitsa laimu wa m'zikhadabo zanga, ndipo ine ndinkadya chogonera maso ali pansi.

Tsiku lovuta linafika mvula itatha, nyengo imene mabanja amabwera kudzalimira manda. Belu litalira ndinatuluka, osaona kuti chapafupi mayi wina wachikulire wawerama ndi khasu m'udzu. Ndinalankhula zonse mpaka pamene ndimati ndinagulitsa abale anga, alendo n'kuwomba m'manja. Mayiyo anaweramuka n'kubwera, khasu lili paphewa.

Sanakalipe. Anandifunsa kuti ndine mwana wa yani, kenaka anati iwo ndi bana Mulenga, kutanthauza amake a Mulenga, a ku komboni ya Marapodi, mwana wa Lazaro. Bambo awo anali kalipentala, mowa sankaulawa, ndipo anamwalira ndi chifuwa iwo ali mtsikana. Ba Tembo anauza alendo m'Chingerezi kuti gogoyu ali m'sewero lomwelo, makamera n'kuyambanso kuthwanima. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

Bana Mulenga anandiuza kuti kwawo dzina la wakufa silitoledwa panjira. Wolowa dzina amasankhidwa ndi banja, amamukhazika pamphasa, kumupatsa lamba wa malemu pamodzi ndi udindo wa ana onse. Bambo awo anafera m'tauni, kutali ndi abale, ndipo palibe analowa dzina lawo.

"Manje imwe mwazitengela dzina mweka," anatero. "Tiyeni ku nyumba, batate. Mukauze bazukulu banu kuti munagulisa bantu."

Ba Tembo anandinong'oneza kuti ndiwasiye, mawa tisinthe manda, poti opanda eni ake ndi ambiri. Anawonjeza kuti ndikachoka pamenepo ndisadzabwerenso. Ndinkadziwa bwino kuti kunyumba thumba la ufa lili pafupi kutha. Ndinavula jekete, ndinalikoleka pamtengo, ndinalandira khasu la mayiyo n'kuwatsatira.

Ku Marapodi anandikhazika pabenchi n'kuitana a m'nyumba onse. Ndinaulula zimene ndinakhala ndikunena kwa miyezi, ndiponso kuti zinali zabodza. Pakati pawo panali bambo wa msinkhu wanga, mwana wina wa bana Mulenga, amene anamvetsera mutu uli pansi. Nditamaliza anandifunsa ngati alendo onse aja anapita kwawo ndi zithunzi pamodzi ndi nkhaniyo. Ndinati inde. Anangoti dzina lake nayenso ndi Lazaro, n'kulowa m'nyumba.

Sabata yomweyo Ba Tembo anapeza wina wovala jekete lija, ndipo ife tinagona ndi njala masiku angapo. Masiku ano ndimasema miyala ya pamanda ku Chawama. Anthu akandifunsa ngati masewero a kumandawa amalemekeza akufa, ine ndimafunsa kuti wavomereza ndani. Kasitomala angakwiye bwanji ndi kuchedwa, tchizulo changa sichikhudza mwala mpaka wachibale wa malemu atandiuza mawuwo ndi pakamwa pake.