Kambalame ka msana wofiira

Dzulo pamsika wa Chonde ndinanunkhiza kabokosi ka mkungudza, misozi n'kulengeza pomwepo. Ndi fungo la malaya a ababa.

Ankasenza matabwa kuchokera pamwamba pa phiri, ndipo akavula malayawo mapewa awo ankaoneka osupuka, ofiira. Tsiku lina ananditenga. Tikupuma pakamtsinje kozizira m'nkhalango, ndinaona kambalame kochepa kuposa mpheta kakujompha njere za udzu mumthunzi. Thupi lake linali lobiriwira, koma msana wofiira psuu.

"Ababa, nakonso kamasenza matabwa?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iyayi, mwanawe, kanabadwa choncho. Kamakonda mdima wa mitengo. Ukadula mitengo, kamasamuka."

Sindinawakhulupirire. Ndinakasiyira nyenyeswa za chinangwa changa pamwala kuti kadye, kachire msanga.

Chifuwa chomwecho chinawatenga ababa ndisanamalize sukulu ya pulayimale. Chaka chatha ndinakwerako ndekha. Pakamtsinje paja patsala zitsa ndi dzuwa lokhalokha, ndipo ndinadikira kambalameko mpaka kutopa.

Ndinkamvera chisoni kambalame kopanda bala, pomwe mwini mabala enieni anali pambali panga, akuseka.