Kukasaka Mkaka wa Nyemba ku Cuamba

Ndinanyamuka kwathu ku Ngauma Lolemba mbandakucha, nyengo yogulitsa thonje, khanda lili kumsana. Silinali langa. Asiyatu anali mwana wa mng'ono wanga, amene tinamuika m'manda mwanayo ali ndi miyezi itatu. Mkaka wa ng'ombe, kaya wokama kaya wa m'chitini, ankaubweza wonse, m'mimba n'kutseguka. Sisitere wina ku Massangulo anandilembera kapepala. "Ulipo mkaka wopangidwa ndi nyemba za soya," anatero. "Kuno tilibe. Mukayese ku Cuamba."

Mlamu wanga anandikweza panjinga mpaka ku Mandimba. Lachiwiri m'mawa ndinalipira maeskudo makumi awiri n'kukwera kamiyau, lole yonyamula thonje. Pamwamba pa masaka tinalipo asanu ndi atatu, ndipo mwana atangoyamba kulira, onse anasanduka asing'anga.

"Mayi, mpatseni bere mwanayo!"

Ndinafotokoza zonse.

"Mkaka wa nyemba?" anaseka bambo wina wogulitsa nsomba zouma. "Nyembazo amazikama pati?"

Aliyense wokwera m'njira ankayambira pomwepo, ine n'kufotokozanso. Pa wachinayi ndinangoloza bambo wa nsombayo: "Afunseni awo, aiphunzira bwino nkhaniyi."

Masana tayala linaphulika pakati pa tchire. Woyendetsa anagona pamthunzi, womuthandiza akumenyana ndi zitsulo. Ndinadya chinangwa chozizira, mwana ndikumudonthezera madzi a mpunga ndi supuni, iye akungolira mawu osasa. Mtsikana wina wa Chimakua, wobereka wakewake, sanandifunse kanthu. Anangomutenga Asiyatu n'kumuyamwitsa. Ndinalakalaka akanakhala wa m'mudzi mwathu, koma anatsika pa mphambano yotsatira.

Tinalowa m'Cuamba dzuwa likulowa, fumbi mpaka m'mano. Ndinagona kwa msuweni wanga wogwira ntchito kunjanji.

Lachitatu ndinayamba kuzungulira. M'sitolo yoyamba Mmwenye sanaliyang'ane n'komwe pepala lija. Anandiikira chitini chojambulidwa ng'ombe.

"Ng'ombeyi ndi imene ndaithawa kwathu, bambo."

Wachiwiri anandipatsa chitini chopanda ng'ombe, chokhala ndi nkhope ya khanda lonenepa. Ndinali nditamasula kale kansalu ka ndalama pamene mlembi wina wa kunjanji, amene ankagula fodya, anachiwerenga. "Mayi, ng'ombe yomweyo, angoibisa." Wachitatu anandiyezera nyemba zenizeni, zofiira, kilo yathunthu. Ndinatuluka osatsanzika.

Masana ndinapeza sitolo ya mankhwala itatsekedwa, mwiniwake akudya. Ndinadikira pakhonde mpaka mthunzi unasamuka. Atabwera, mkulu wa magalasiyo anawerenga pepala kawiri, n'kukwera pampando kukatsitsa zitini zitatu zafumbi. Anali ataziitanitsira mwana wa mzungu wina, koma banjalo linasamukira ku Nampula. Anandisonyeza kayezedwe kake, n'kundikalipira ngati ndalakwa kale: "Madzi owiritsa! Owiritsa!"

Mkazi wake anandiwiritsira madziwo. Mkakawo unali wotuwa, fungo lake ngati deya wonyowa. Asiyatu anakwinya nkhope, kenaka anamwa. Ndinayala nsalu pamiyendo kudikira masanzi. Ndinadikira, ndinadikira. Mwana anageya kamodzi n'kugona.

Pobwerera ndinakwera kamiyau yomweyo, zitini nditazimanga pamimba. Ulendowu unandiphunzitsa kusakhulupirira chithunzi cha pachitini, ndiponso kuti mwana wamasiye safunsa kutalika kwa msewu. Titayandikira Mandimba ndinayamba kuwerengera masiku: zitini zitatu, masabata atatu. Nditafika kunyumba ndinauza mlamu wanga kuti njinga ija asaibwereketse kwa aliyense, pakuti zitinizo zikatha tidzauyambanso ulendo.