Nyama ya Kumaloto

Chaka chimene amuna anga anamwalira, ndinkaphika phala kusukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Bembeke. Malipiro panalibe, koma phokoso la anawo ndi lomwe linkandidzutsa pamphasa m'mawa.

Ndiye kunabwera anthu a kafukufuku wa za tulo, ofuna kudziwa kuti anthufe timalota zoopsa kangati. Woti azilemba mayankho kuno anasankha alamu anga, mlongo wawo wa malemuwo, poti sukulu anapita nayo patali. Anandipeza pakhonde ndikusankha mbewu ya kachewere, nandiuza kuti zonse nzachinsinsi, ngakhale dzina salemba. Kuyankha kwake kunali kongosankhapo: sindilota, mwa apo ndi apo, kapena kawirikawiri.

Ndinati kawirikawiri. Basitu, ndikanalekera pomwepo. Koma ine kuyankhula ndiye matenda anga, komanso awa ndi anthu oti tinalira nawo maliro amodzi. Ndinawauza kuti ndimalota tili pamaliro a achimwene awo, wina nkundipatsa mbale ya nyama, ine nkumatafuna, kutafuna, osatha kumeza, mpaka kudzidzimuka thukuta lili kamukamu, kuzizira konse kwa kunoku. Anangoti pepani alamu, nachonga papepala.

Kwathu kuno munthu akalota akudya nyama, amati afiti ndiwo akumudyetsa, ndipo mawa nayenso adzadyetsa ena. Ine mutu wanga sunafike kumeneko. Ndinkangoti ndikutula chisoni kwa m'bale wanga.

Posakhalitsa ana anayamba kubwera ndi mbatata zootcha za kwawo. Kamtsikana kena kokonda kundigwira chitenje kanabisa kapu kumbuyo, kakuti amayi akaletsa. Kenaka amayi a komiti ya sukuluyo anabwera mwaulemu wake, ati ndiyambe ndapuma kaye, ndatopa. Kutopa ine? Anawauza ndani?

Zinandiwawa kwambiri. Ndinapita kwa alamuwo osasamba nkomwe, ndikuwafunsa ngati pepala lawolo linali ndi malo olembapo za nyama. Anati ayi, pepala linkangofuna kangati. Iwo akuti anangotchulirako mnzawo mmodzi wa kukwaya kuti azindipempherera.

"Nanga inuyo alamu, mukukhulupirira zimenezo?"

Mwana wawo wamng'ono, amene anakulira kumsana kwangaku, anathamanga kudzandikumbatira miyendo. Alamuwo anamugwira padzanja, namulowetsa m'nyumba.