Ndinakawatenga ku Halale

Kalata inafika pa nyengo yopalira chimanga, ndipo dzanja lake silinali la amuna anga. Analemba ndi mnzawo amene ankakhala naye chipinda chimodzi ku Halale. Anati amuna anga anagwa ali pa ntchito yawo yaukhukhi kwa mzungu, mbali yonse yakumanja yafa, pakamwa papotoka, sakulankhula. Apo n'kuti patangopita zaka zochepa dziko litalandira ufulu, ndipo ine chibadwire ndinali ndisanapitirirepo Limbe.

Amalume anakana kuti ndipite. "Mkazi wekha ukalowera kuti? Abale ake alipo, apite ndiwo."

"Abale awo ali ku Mulanje, amalume, uthenga ukawapeza liti? Ndinalonjeza ndine m'tchalitchi cha pa mishoni, inu muli pomwepo. Ndipita."

Ana atatu ndinawasiya kwa mng'ono wanga. Amayi a mumpingo anadzandipempherera pakhonde, n'kundiperekeza mpaka pa Songani pamene ndinakwera basi. Ku Limbe ndinakwera sitima yodzera kwa Apwitikizi. Njira yonse pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndikawapeze amoyo, zinazo tikaonera komweko.

Ndinawapeza amoyo. Atandiona anayesa kunditchula, koma panangotuluka phokoso ndi malovu. Dokotala analankhula Chizungu, nesi anamasulira m'Chishona, mnzawo uja n'kumasuliranso kwa ine. Mawu atafika kwa ine anali atatsala ochepa: sadzayendanso, ndipo bedi likufunika ena.

Tinawatengera ku lokeshoni. Mnzawo uja anatisiyira chipinda, iye n'kumakagona kwa anzake. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, ndi kuwamwetsa phala ndi sipuni, lina likutsikira pachibwano. Anali munthu wathupi, waukhondo kwambiri. Ndikamawachotsa zoipa ankayang'ana kukhoma, ine ndinkangoimba nyimbo za kutchalitchi kuti asamve manyazi.

Mwezi wachiwiri anayamba kukana chakudya. Tsiku lina masana anakankha mbale ndi dzanja lamoyolo, phala lonse pachitenje changa. Ndinawayang'ana, ndinaona kuti munthuyu wasankha kufa. Ndinanyamula ndowa kupita ku mpopi, ndipo kumeneko ndinakangana ndi Mulungu mokweza, osasamala za anthu.

"Mwanditulutsa ku Domasi kuti ndidzaike maliro kuno? Ine ayi. Ngati mukuwatenga, mukawatengere kwathu."

Mayi wina wovala mpango woyera, amene anali patsogolo panga pamzere, anacheuka. "Mwati Domasi?"

"Eya, mayi."

"Ine kwathu n'kuseri kwa msika wa Songani."

Anali Msilamu, amuna awo telala pa lokeshoni pomwepo. Ananditsatira mpaka kuchipinda, nawayang'ana odwala aja nthawi yaitali, kenaka anawalankhula ngati mlongo wawo. "Achimwene, mkaziyu wasiya ana chifukwa cha inu. Mudya." Anatembenukira kwa ine. "Nokha simungawaimitse. Mawa ndibwera, inu mudzagwira uku, ine uku."

Anabweradi, ndipo sanadumphe tsiku kupatula Lachisanu. Tinkawakhazika pamphepete pa bedi, aliyense n'kulowetsa phewa kukhwapa kwawo, n'kudzuka nawo. Tsiku loyamba tinagwa tonse atatu. Mayi uja anaseka mpaka kutsokomola, ndipo amuna anga nawonso, pakamwa popotoka pomwepo, anaseka. Madzulo ake anadya.

Nthawi yawo yopemphera ikakwana, mayi uja ankayala kansalu pakona n'kuswali, ine ndinkagwada pambali pa bedi. Za chipembedzo sitinakanganepo. Tonse tinkapempha za mwendo womwewo.

Kulankhula ndinkawaphunzitsa ndi pemphero la Ambuye, poti analidziwa kuyambira ali mwana. Ndinkanena mawu awiri n'kudikira. Masabata anapita ndikudikira chabe. Kenaka anayamba kutsatira mathero a mawu, ngati munthu wochedwa pa nyimbo. Mawu awoawo oyamba anawatulutsa ndikuwameta ndevu. Anandigwira mkono nati, "Ana?"

"Ali bwino. Akukudikirani."

M'mwezi wachisanu ankafika pakhomo atatsamira ndodo ndi phewa langa. Koma chiphaso changa chokhalira m'dzikomo chinali chitatsala pang'ono kutha, ndipo ku ofesi anakana kuwonjezera masiku. Mnzawo uja anandiuza mwaulemu kuti kuli nyumba yosungirako anthu olumala, ndiwasiye kumeneko, ndidzabwerenso zikadzatheka.

"Zikomo, achimwene, mwatichitira zambiri," ndinatero. "Koma tikwera tonse."

"Sitima ija mukasintha panjira. Akakugwerani kumeneko mudzatani?"

"Ndidzawadzutsa."

Mayi wa ku Songani anatiperekeza ku siteshoni, natipatsa mtedza wokazinga m'kansalu ndi uthenga wa kwa amayi awo. Posintha sitima kwa Apwitikizi panali kuyenda ndithu, ndipo mwendo uja unakana. Anthu ankathamanga kutipitirira. Ndinayamba ndakasiya katundu m'sitima inayo, ndinabwerera, ndinawerama, ndinawabereka kumbuyo n'kumanga chitenje pachifuwa ngati mwana. Mapazi awo ankakwekwereza pansi. Asilikali a Chipwitikizi anaima n'kumationerera. M'khutu mwanga amuna anga ankangoti, "Pepa, pepa." Ndinawauza kuti akhale chete, mpweya ndikuufuna ndine.

Tinatsika pa Songani chimanga cha chaka chimenecho chili kale m'nkhokwe. Ana anayamba kuwaopa bambo awo chifukwa cha pakamwa paja, koma pasanathe sabata wamng'ono anali atazolowera kukhala pamwendo wabwinowo.

Dzanja lakumanja silinabwerere, ndipo mawu awo ankamveka bwino kwa ife a m'nyumba basi. Anakhala nafe mpaka mwana woyamba atakwatiwa. Lamulungu lililonse tinkanyamuka kupita kutchalitchi anthu asanayambe n'kusamba komwe, iwo ndi ndodo, ine pambali, kupumula pa mlatho ndi pa mtengo wa mbawa. Nthawi zambiri tinkafika nyimbo yachiwiri ili mkati, n'kukhala pa benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko.