Foni Imene Tinaikhomera M'sutikesi

Anzanga, ine si munthu wokometsera nkhani, ndipo ino ndikanakonda ikanakhala yabodza, koma inachitika ndithu m'nyumba mwanga ku Buchi zaka zingapo zapitazo.

Mkazi wanga anali namwino, ndipo pafoni pake anali ndi gulu la atsikana a kusekondale ovutika maganizo, ena ofika mpaka pofuna kudzipha. Ankawayankha m'mawa uliwonse ali m'minibasi, iwo n'kumamutchula kuti Anti, ngakhale ambiri anali asanamuonepo nkhope. Atamwalira mwadzidzidzi, azakhali ake ochokera ku Chipata analongedza katundu wake yense m'sutikesi n'kukhoma, monga mwa mwambo, kudikira tsiku logawa zovala. Foni nayo inalowa momwemo.

Masana, azimayi akuimba pabalaza, sutikesi ija inkanjenjemera pakona, kuleka, kuyambanso, ndipo ena anayamba kunong'onezana kuti malemu sanagone bwino. Ine ndinadziwa kuti ndi foni ija, ndipo ndinapempha apongozi kuti tiitulutse, iwo anati wamasiye sagwira za malemu zisanagawidwe, nanga ndikufuna achibale anene kuti ndikubisa chiyani? Ndinabwerera pamatiresi panga. Inu mukanatani? Kenako batire inatha, anthu n'kumati tsopano wapuma.

Tsiku logawa, foniyo anaipereka kwa mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu, ndipo titaitchaja tinapeza mauthenga ambirimbiri ochokera kwa mtsikana mmodzi amene sankadziwa kuti kwagwa maliro. Poyamba ankapempha kuti alankhule naye, kenako ankapepesa ngati pali chimene walakwa. Womaliza unali wakuti: "Anti, nanunso mwatopa nane?"

Tinamuimbira, foni yake inali yotseka. Mauthenga akale ankatchula sukulu yake ku Garneton, choncho ine ndi mlamu wanga tinakwera basi pamsika wa Chisokone, tinafunsafunsa njira ya kwawo, ndipo titafika tinapeza azibambo akuchotsa tenti ya maliro pabwalo. Mayi ake a mtsikanayo anatiyalira mphasa n'kufunsa ngati ndife a kutchalitchi. Apo m'pamene tinamva kuti maliro aja anali a mtsikana yemweyo.

Za mizimu sindidziwa. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti mwanayo anapita akuganiza kuti mkazi wanga wamutaya, ndipo palibenso njira yomuuzira zoona. Inu amene mumathandiza ana pafoni, musamachite nokha, pazikhala wachiwiri wodziwa kumene anawo amakhala, woti akhoza kukagogoda pakhomo akangokhala chete. Pamaliro zovala zingathe kudikira, koma mwana amene akuitana thandizo sangadikire tsiku logawa.