Chaka Chimene Ndinali Malita

Kumudzi kwathu, kufupi ndi Mkaika, sukulu inali kanyumba kaudzu konunkhira dothi lozira. Tinkakhala pa zipika n'kumalemba zilembo pansi ndi chala.

Chaka china a mishoni anatitumizira aphunzitsi achilendo, a Yesaya, atanyamula buku lakuda. Anati oyang'anira sukulu alamula kuti mwana aliyense alembedwe dzina, aziitanidwa m'mawa uliwonse, kuti ojomba adziwike ndipo akhama apite patsogolo.

M'mudzi palibe anakhulupirira. Amalume anga analembedwa m'buku lotero pa nkhondo ya Ajeremani, n'kupita kukasenza katundu wa asilikali, osabwerako. Amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe Tisiyenji, akakakufunsa ukati ndiwe Malita. Wamva? Dzina lako lisalowe m'menemo."

Makolo ena anachitanso chimodzimodzi. A Yesaya akaitana, tinkangoyang'anana ngati nkhuku zachilendo, aliyense ataiwala kuti ndi ndani. Iwo ankatisuzumira pamwamba pa bukulo. "Kodi mudzi uno ana amagontha m'mawa wokha?"

Ine sindinajombe, ndipo kuwerenga kunandilowa msanga. Titakolola, woyendera sukulu anabwera pa njinga, natiwerengetsa mmodzimmodzi. Nditamaliza anandiyang'ana nthawi yaitali n'kulemba kanthu.

Patapita mwezi, a Yesaya ali ku mishoni kumaphunziro a aphunzitsi, kunafika mthenga ndi kalata. Anapeza amayi akusinja, ine ndikupeta pambali.

"Odi, amayi! Ndikufuna Malita. Amusankha kukaphunzira ku sukulu ya atsikana ku mishoni."

Amayi sanaleke kusinja. "Pepani, bambo. Malita tinaika sabata yatha."

Bamboyo anavula chipewa, natipepesa mwaulemu, n'kubwerera. A Yesaya pobwera anapeza malo anga atapatsidwa mtsikana wa mudzi wina. Anakhala pakhonde pathu atagwira tsaya. Amayi anangoti, "Inunso ndi awo omwe anatenga mlongo wanga."

Masiku ano ndimaona azimayi akukankhana pakhomo pa ahedi kuti ana awo alembedwe, ndipo dzina likasowa m'kaundula pamabuka mlandu. Amayi sindiwaimba mlandu, anali atalira kale mlongo wawo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti m'mudzi monse wodziwa kuwerenga kalata ija ndinali ine. Ndinaima pomwepo ndi lichero m'manja, ndikumva za maliro anga, ndipo ndinapitiriza kupeta.