Nyani wa m'waya waluma amayi

Mwaswera bwanji nonse.

Amayi alumidwa ndi nyani lero. Achimwene a Yohane anatitenga ku Madisi, ine ndi amayi, kuti tikaone nyama kumalo osungirako nyama ku Lilongwe. Amayi ataima pafupi ndi waya kuti ajambulidwe, nyani anatulutsa dzanja pachibowo, n'kuwakoka mkono, n'kuwaluma. Awasoka kuchipatala, panopa tili m'minibasi kubwerera.

Chibowocho ndachiona ndi maso angawa. Anachimanga ndi mphira ya njinga ngati khola la nkhuku! Koma wogwira ntchito kumeneko akuti, "Olakwa ndi agogowa, anayandikira kwambiri, chikwangwani chilipo." Chikwangwanicho n'cha Chingerezi. Amayi Chingerezi anachiphunzira kuti?

Achimwene nawo akuti tingozisiya, tisadzichititse manyazi m'tauni. Chonsecho ndi iwo amene amajambula, n'kumakuwa kuti, "Sunthirani m'mbuyo amayi, nyaniyo aoneke bwino!"

Amayi akhala akupirikitsa anyani m'munda mwawo ku Madisi moyo wawo wonse, osakandidwako n'komwe. Lero wawaluma nyani woti tachita kulipira pageti kuti timuone.

Amalume, akulu ndinu, tiuzeni. Tikadandaule kwa eni malowo, kapena tiyambe ndi wojambulayu?